Phiri Lili ndi Eni Ake

Mmalawi wa ku Joni amadziwa msewu umodzi, wolowera kumpoto. Mudzutseni pakati pa usiku, akutchulirani osaphonya: Polokwane, Musina, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, mlatho wa pa Zambezi ku Tete, Zobue, kenako Mwanza. Amadziwa pamene basi imachedwa, pamene amasinthira ndalama, ndi pamene katundu amatsitsidwa kuti aonedwe. Mukamufunsa za kummwera angokuyang'anani. Chonsecho Maseru, likulu la Lesotho, lili pa mtunda wongopitirira pang'ono makilomita 400 kuchokera ku Johannesburg, kufupi kuposa Beitbridge. Ukanyamuka m'mawa, dzuwa likamapendeka uli m'dziko lina, la mfumu yake, ndalama yake ndi chilankhulo chake, lozunguliridwa ndi South Africa mbali zonse.

Amene anatilozera kumeneko ndi mayi wina wachisotho wa m'boma la Mafeteng, yemwe ndimagwira naye ntchito ku City Deep. Tsiku lina pa nkhomaliro mnzathu wa ku Likhubula, amene ali mnyamata ankanyamula katundu wa alendo pa phiri la Mulanje, ankadzitama ndi Sapitwa ndi mamita ake 3,002. Mayiyo anamvetsera mpaka nkhani itatha, n'kungoti kwawo anyamata amadyetsa nkhosa pamalo okwera chomwecho. Sankanama. Nsonga ya Thabana Ntlenyana ili pa mamita 3,482, ndipo malo otsika kuposa onse m'dziko lonselo ali pa mamita pafupifupi 1,400, pamwamba kuposa Lilongwe. Wa ku Likhubula sanagone nazo. Sabata isanathe anabwera ndi njira yomwe okonda mapiri amaidziwa bwino: kuchoka ku Malealea wapansi, kudutsa ku Ribaneng ndi ku Ketane mpaka ku Semonkong, kugona m'midzi yomwe galimoto siifika.

Nkhani ya nsapato ndi zikwama inabwera pambuyo. Tinayamba ndi mapepala. Mmalawi safuna viza polowa mu Lesotho, koma kuti akafikeko ayenera kutulukira pachipata cha South Africa, ndipo ayenera kudzalowanso. Apa m'pamene ambiri a ife timagwetsa nkhope. Wobwera ndi pasipoti ya Malawi amapatsidwa masiku 30 basi. Kuyambira mu 2014, wopitiriza masiku ake amalembedwa pachipata kuti ndi munthu wosafunika m'dzikomo: ngati wapitiriza ndi masiku osaposa 30 saloledwa kubwerera kwa chaka, ngati waposa pamenepo ndi zaka zisanu. M'gulu lathu munali m'bale wa ku Mangochi, telala wa ku Mayfair, amene ankaufuna ulendowu kuposa tonse. Masiku ake anatha kalekale. Ananena yekha tisanamufunse: "Achimwene, ine ndikatuluka ndatuluka. Mukandijambulire zithunzi." Palibe anaseka. Kuyendayenda mongofuna kuona dziko ndi mwayi wa munthu amene chidindo chake chili bwino, ndipo pakati pathu tsiku limenelo mwayiwo sunali wa aliyense. Tinatsala ine, mlamu wanga wa ku Ntcheu ndi wa ku Likhubula, aliyense ndi pemiti yake ya ntchito yomwe inali isanayandikire kutha.

Chachiwiri chinali nyengo. Mu Juni ndi Julayi m'mapirimo mumagwa chipale chofewa, njira zina n'kutsekeka. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi ndi nthawi ya mvula, yomwe imakonda kubwera masana ndi mphenzi, ndipo pachitunda popanda mtengo ndi umodzi womwe, chinthu chotalika kuposa zonse chimakhala iweyo. Mitsinje yomwe m'mawa imalekeza m'mawondo imatha kukokolola hatchi madzulo. Tinasankha kumapeto kwa Epulo. Isitala inali itadutsa, pamene Abasotho ogwira ntchito ku Gauteng amadzaza pa Maseru Bridge popita kwawo, ndipo matchuthi a pa 27 Epulo ndi pa 1 Meyi anatithandiza kuti tisapemphe masiku ochuluka kwa mabwana.

Miyendo tinaikonzera mumzinda momwemo. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, choncho mapapo athu anali atazolowera kale mpweya wa pamtunda. Loweruka m'mawa tinkapita ku Klipriviersberg, kummwera kwa mzinda, kumene kuli timapiri ta miyala, mbidzi zoyenda mwaufulu ndi mabwinja a midzi yakale ya Atswana. Masiku ena tinkakwera ndi kutsika masitepe a ku Westcliff, zikwama titazidzaza mabotolo a madzi. Anthu a zovala zothamangira ankatilimbikitsa potidutsa, ena mpaka kuomba m'manja. Mlamu wanga, amene sabata yonse amadulira maluwa m'mipanda ya dera lomwelo, anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Alamu, ku Ntcheu ndinkayenda kuposa apa popita kuchigayo, thumba lili pamutu. Palibe anandiomberapo m'manja."

Mitengo ya m'masitolo a katundu wa okwera mapiri inatibweza pakhomo. Tinalowera ku De Villiers Street, pa kaunjika wa ku Joni amene eni ake amati dunusa, pomwe umawerama n'kufukula mulu mpaka upeze chako. Majekete a mvula, majuzi a ubweya, zipewa ndi masokosi okhuthala tinazipeza pamenepo. Wa ku Likhubula anaika malamulo awiri osakambirana. Loyamba, nsapato yatsopano siikwera phiri. Aliyense aivale kuntchito kwa masabata mpaka izolowerane ndi phazi. Lachiwiri, pa thumba logonamo munthu asaumire, chifukwa iye anaonapo alendo akunjenjemera usiku wonse ku Chisepo. Kamba wathu anali wa kwathu: chiponde, mtedza wokazinga, mpunga, usipa wouma, tiyi ndi shuga. Tinaonjezera timapiritsi tothira m'madzi akumwa, tochi, mankhwala a mabala, ndi ndalama zing'onozing'ono zambiri. Randi imagwira ntchito mu Lesotho mofanana mphamvu ndi loti, ndalama ya komweko, koma kumidzi kulibe banki ndipo wogulitsa buledi sangakupezere chenji cha pepala lalikulu.

Usiku wina tinasonkhana m'chipinda changa ku Rosettenville, mafoni ali m'manja, tikujambula mzere wa ulendo. Mapu a masiku ano amaonetsa chilichonse: kukwera kwa chitunda, mokhotera mtsinje, ngakhale madenga a nyumba. Kutacha ndinakaonetsa mzerewo kwa mayi wa ku Mafeteng, ndikuyembekeza kuti agoma. Iye anauyang'ana pang'ono n'kufunsa zomwe pa mapu panalibe. "Ntate, apa mukagona kwa yani? Mfumu ya pamenepa ikudziwa kuti mukubwera? Agalu a abusa akakuzingani, adzawaletsa ndani?" Kenako anatipatsa malangizo ake. Tengani wokuperekezani wa komweko. Perekani moni kwa aliyense, ngakhale ali kutsidya kwa chigwa. Mukafika pamudzi yambirani kwa mfumu. Musajambule munthu musanapemphe. Musamwazire ana maswiti, mungawaphunzitse kuima m'njira ndi kupempha. Mukamva nyimbo za anyamata a chinamwali kuphiri, patukani, musasuzumire.

Lomalizali sitinafune kuuzidwa kawiri, ife obadwira kufupi ndi dambwe ndi ndagala. Koma kunena zoona onsewo anali malangizo omwe tinaleredwa nawo. Mwana aliyense wa kumudzi kwathu amadziwa kuti sudutsa pabwalo la munthu osaodira, ndi kuti mlendo wogona amakaonekera kwa nyakwawa. Joni ndiye amazifufuta zimenezi. Ndi mzinda womwe munthu akakupatsa moni mumsewu umayamba wagwira thumba la foni, ndipo ukhoza kukhala zaka pa fulati osadziwa dzina la wa khomo loyang'anana nalo. Chigawo chachikulu cha kukonzekera kwathu chinakhala kukumbukira momwe mlendo amalowera pamudzi pa eni. Safunsa anadya phula.

Takisi ya ku Maseru tinaikwera pafupi ndi Park Station m'bandakucha, ndipo monga mwa mwambo wa matakisi inanyamuka itadzaza. Free State ndi dziko lathyathyathya la chimanga ndi mpendadzuwa, minda yolekeza pamene maso alekeza. Chakum'mawa, kufupi ndi Ladybrand, zitunda za miyala yachikasu zimayamba kutumphuka. Nthaka yachonde imeneyi kale ankalima ndi Abasotho. Moshoeshoe, amene anasonkhanitsa mtunduwu pa phiri la Thaba Bosiu kuyambira mu 1824, anamenyana ndi Mabunu a ku Free State mu 1858 komanso kuyambira mu 1865, ndipo ataona kuti dziko likutha anapempha chitetezo kwa Angerezi, omwe anavomera mu 1868. Malire anaikidwa pa mtsinje wa Caledon, umene eni ake amati Mohokare, minda yabwino yambiri n'kutsalira kutsidya. Anthu atachuluka anayamba kukwera kukamanga m'mapiri momwe kale munkangopita ziweto m'nyengo yotentha. Choncho ukaona mudzi utapachikika pamwamba pa phompho, usaganize kuti eni ake anatsata kukongola kwa malo.

Mlatho wa pa malire tinauoloka wapansi. Takisi ina inatitenga kulowera kummwera, kudutsa pa Morija pomwe amishonale achifalansa anakhazikika mu 1833, n'kupatuka pa Motsekuoa. Tala atatha, msewu unakwera mpaka pa mpata wotchedwa Gate of Paradise, ndipo chigwa chonse cha Malealea chinatseguka kutsogolo kwathu, mapiri atandandalikana kumbuyo kwake mizeremizere, wapafupi wobiriwira, wakutali wabuluu. Malealea anayamba mu 1905 ngati sitolo ya wamalonda wina, Mervyn Bosworth-Smith, ndipo lero ndi malo ogona alendo pomwe maulendo a m'mapiri amayambira. Chomwe chinatikopa ndi kayendetsedwe kake. Mahatchi ndi a anthu a m'midzi yozungulira, operekeza alendo ndi ana a komweko, ndipo nyumba zogona m'njira ndi za mabanja omwe amalandira ndalama mlendo akagona. Ife tinatenga wotiperekeza mmodzi ndi hatchi imodzi yonyamula katundu.

Wotiperekezayo anali mnyamata wa mawu ochepa, wovala bulangete lomangidwa ndi phini paphewa, jombo za mphira ndi chipewa chophimba makutu. Ankatitchula kuti "bo-ntate". Wa ku Likhubula anayang'anitsitsa momwe ankamangira zikwama pahatchi, akuyesa kulemera kwa mbali zonse ziwiri ndi manja. Atamaliza, mnzathuyo anapukusa mutu. "Ku Mulanje ntchito ya chinyama ichi tinkagwira ndife," anatero, "kukwera nazo mpaka ku Chambe, patapata ali kuphazi."

Chiyeso choyamba chinali kutsikira mu mtsinje wa Makhaleng. Njira yake ndi yokhotakhota, ya miyala yogubuduka, ndipo mawondo amayamba kudandaula usanafike pakati. Hatchi ya ku Lesotho ndi yaifupi, yosaoneka bwino kwenikweni, koma imasankha popondera modekha, kuima, kununkhiza, kenako n'kuponda. Kutsidya tinakwera pakati pa minda ya m'mizere yotsata chitunda. Inali nthawi yoyandikira kukolola: chimanga chouma, mapira ofiira, ndi maluwa oyera ndi apinki odzimerera okha m'mphepete mwa minda. Mitengo ndi yowerengeka, yambiri ndi yobzala m'mbali mwa mitsinje ndi mapichesi a pakhomo. Paliponse pali zigwembe zakuya zomwe madzi anakumba, zina zoti nyumba ikhoza kubisalamo. Munthu wochokera ku Ntcheu kapena ku Neno akaziona sadabwa; amangoona kumene nthaka ya kwawo ikulowera.

Moni wa m'mapirimo ndi wofuula. Mnyamata wathu ankatha kuima pachitunda n'kuyamba kucheza ndi munthu amene ife tinkamuona ngati kadontho kutsidya, mawu akuoloka chigwa mwapang'onopang'ono, aliyense akudikira kuti a mnzake afike. Mafunso ake ndi omwe aja: mwachokera kuti, mukupita kuti, alendowo ndi a kuti. Pofika pamudzi wa ku Ribaneng madzulo tinapeza mbiri yathu itafika kale. Anthu ankadziwa kuti kukubwera amuna akuda oyenda pansi ngati azungu, osamva Chisotho, ndipo ana anali atakhala pakhoma la khola kudikira kuti aone zachilendozi.

Tinayambira kwa mfumu. Inali mayi wachikulire, chinthu chosadabwitsa m'dziko lomwe amuna akhala akuchoka kupita kumigodi kwa zaka zoposa 100. Tinavula zipewa, tinakhala pansi, mnyamata wathu n'kufotokoza. Mayiyo anafunsa ngati kwathu mvula inagwa bwino chaka chino, ndipo mlamu wanga anayankha mwatsatanetsatane, kuyambira mvula yobzalira mpaka ng'amba ya mu Febuluwale, womasulira akuvutika kumutsatira. Pamenepo nkhope ya mfumu inamasuka. Anatipatsa nyumba yozungulira ya miyala, yofolera ndi udzu, pansi pozira bwino, ndowa ya madzi ili pakhomo. Nkhuni kulibe. Moto ndi wa ndowe zouma ndi tizitsamba, utsi wake woluma m'maso koma wofunda. Anatiphikira nsima yawo yolimba yomwe amati papa, ndi masamba. Ife tinatulutsa usipa. Mayi wa nyumbayo ananyamula kamodzi, anakayang'ana m'maso, n'kukabweza m'mbale mwaulemu wonse. Chiponde ndiye chinatha usiku womwewo.

M'mudzimo nyumba ina inali ndi kansalu koyera pamtengo wautali. Mnyamata wathu anati ndi chizindikiro chakuti pali mowa wa mapira. Kofiira kakanatanthauza nyama, kobiriwira ndiwo zamasamba. Pamenepo m'pomwe tinakumana ndi mkulu wina amene atamva kuti ndife a ku Malawi anaimirira n'kutigwira chanza ndi manja awiri. "Manyasa!" anatero, n'kuyamba kulankhula Chifanakalo, chilankhulo cha pansi pa mgodi, chomwe mlamu wanga anatolako pang'ono kwa malemu bambo ake. Mkuluyo anagwira ntchito ku Welkom ndi ku Carletonville. Ankakumbukira kuti m'komponi munali Amalawi ambirimbiri, kenako posakhalitsa anatha psiti. Chimene ankakumbukiracho chili m'mbiri. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito imeneyi. Nthawiyo Amalawi a m'migodi ya South Africa anali oposa 100,000. Abasotho anapitiriza kupita, nawonso n'kuposa 100,000 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mpaka migodi itayamba kuchotsa anthu.

Pakati pa nkhani mkuluyo ankaima n'kutsokomola, chifuwa chouma chomwe tonse tinachimvapo m'midzi ya kwathu kwa agogo omwe anagwira ntchito kumigodi. Fumbi la mwala wa golide silisankha mtundu. Mu 2018 makampani a migodi anavomera kupereka marandi 5 biliyoni kwa odwala matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizigawa ndalamazo, kwa Abasotho ndi Amalawi omwe. Mkuluyo anafunsa ngati anzake a ku Nyasa analandira. Mlamu wanga anangoti bambo ake anapita nkhaniyi isanayambe. Anakhala chete onse awiri, chikho chikuyenda.

Usiku umenewo tinamvetsa lamulo la thumba logonamo. Kuzizira kwa ku Dedza mu Juni n'kwamasewera. Kutacha madzi a m'ndowa anali ataundana pamwamba, ndipo udzu unkathetheka pansi pa nsapato.

Kuchoka ku Ribaneng njira imakwera mpaka minda kutha. Pamwamba pa mapiri a Thaba Putsoa palibe mudzi, palibe mtengo, ndi udzu waufupi, mphepo, ndi timabelu ta nkhosa tomveka kutali. Kumeneko ndi kwa abusa, anyamata ena osafika ndi zaka 15 zomwe, okhala miyezi m'tinyumba ta miyala ndi agalu awo akuluakulu. Nkhosa za merino ndi mbuzi za angora zomwe amaweta ndizo chuma cha m'mapirimo, ndipo pa ubweya wa mbuzi zimenezi Lesotho imangoposedwa ndi South Africa pa dziko lonse. Tikamayandikira khola, mnyamata wathu ankatiimitsa patali n'kuitana, ndipo sitinkasuntha mpaka mwini agalu atatuluka ndi ndodo yake. Funso la mayi wa ku Mafeteng lija linayankhidwa pamenepo.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, kumwamba kuli mbee, mnyamatayo anayang'ana kumadzulo n'kunena kuti tipatuke. Foni inkati kwatsala pang'ono kufika pampata. Wa ku Likhubula, amene amadziwa momwe chiperoni chimatsekera Mulanje m'kamphindi, ananyamula chikwama osafunsa. Tinalowa m'kanyumba ka abusa, ndipo tiyi asanawire matalala anayamba kugwa, mphenzi ikung'amba pachitunda chomwe tikanakhala tikudutsa. Abusa awiri anatisunthira malo. Tinagawana buledi ndi mtedza, chilankhulo palibe, mvula mpaka kukata.

Mvula ikagwa chomwecho phiri lonse limatuluka madzi. Mitsinje yomwe tinaoloka imatsikira mu Senqu, umene kutsidya kwa malire amati Orange. Chakumpoto, malinga ndi pangano la 1986 pakati pa maiko awiriwa, mitsinje ina inatsekedwa ndi madamu: la Katse, lotalika mamita 185, ndi la Mohale, ndipo lachitatu la Polihali likumangidwa kufupi ndi Mokhotlong. Madziwo amadutsa m'ngalande za pansi pa mapiri, n'kukagwera mu mtsinje wa Ash ku Free State, kenako mu damu la Vaal, kumene Johannesburg imamwa. South Africa imalipira boma la Lesotho chifukwa cha madziwa. Koma m'midzi yomwe tinagona, amayi ankalawirira kukasupe ndi ndowa pamutu. Ukayenda pansi m'dzikoli umaona ndi maso zimene limatumiza kunja: amuna, ubweya ndi madzi. Ngakhale bulangete lomwe Msotho aliyense amanyadira, la mizere ndi zithunzi za chimanga, limalukidwa ku fakitale ya Aranda ku Randfontein, kumadzulo kwa Johannesburg, n'kubwera kudzagulitsidwa kwa oweta nkhosa.

Mathithi a Ketane amabisala. Umayenda pa udzu wooneka ngati ulibe mathero, mwadzidzidzi nthaka n'kutha, madzi akugwera m'phompho lakuya mamita oposa 100, popanda mpanda, popanda wogulitsa tikiti. Kuchoka pamenepo njira zimayamba kuchuluka ndi kukumana, ndipo umadutsana ndi abulu osenza matumba a ufa ndi amuna a pamahatchi ofunda mabulangete mpaka m'mphuno. Zonsezo zimalowera ku Semonkong, tauni yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1880 ngati pothawira anthu pambuyo pa nkhondo ya mfuti ya 1880 mpaka 1881. Kunja kwa masitolo ake kumamangiriridwa mahatchi ochuluka kuposa magalimoto. Chapafupi pali mathithi a Maletsunyane, omwe madzi ake amagwa mamita 192 osagunda pena paliponse. Alendo olimba mtima amatsika m'mbali mwake pa chingwe cha mamita 204. Titamufunsa mlamu wanga ngati angayese, anayankha kuti ali ndi ana ku Ntcheu ndipo fizi sanamalize.

Mnyamata wathu tinatsanzikana naye pamenepo. Ife tinali ndi takisi yodutsa pa tala ku Ramabanta ndi ku Roma mpaka ku Maseru; iye anali ndi njira yonse ija yobwerera, iye ndi hatchi yake. Tinamupatsa ndalama yoonjezera pa yomwe tinapangana, ndi tochi, ndipo wa ku Likhubula anamupatsa masokosi ake abwino, chifukwa amadziwa mphatso yomwe wonyamula katundu amaikumbukira.

M'takisi mnzathuyo anatulutsa kapepala n'kuyamba kuwerengera kumene ndalama zathu zinapita. Mwini hatchi analandira. Wotiperekeza analandira. Mabanja omwe anatisesera nyumba analandira, kuphatikizapo mayi wokana usipa uja, ndi wophika buledi, ndi wofulula mowa. Kenako anayerekeza ndi kwawo. Pa Mulanje alendo amafika pa galimoto mpaka pa Likhubula, amakwera, amagona m'nyumba za pamwamba pa phiri monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, amatsika, n'kukweranso galimoto. Operekeza ndi onyamula katundu amapezako kangachepe, koma midzi yonse yozungulira phiri imangoona fumbi. Chonsecho njira zapansi zolumikiza midzi zilipo kale, kuzungulira Mulanje, m'mapiri a Kirk pakati pa Ntcheu ndi Neno, ku Chongoni kumene kuli zojambula zakale za pamiyala zomwe UNESCO inazizindikira mu 2006, ku Misuku, ndi kuchoka ku Nyika kutsikira ku Livingstonia. Zomwe tinaona ku Ribaneng sizifuna ngongole ya ku banki: nyumba yosesa, ndowa ya madzi, mtengo wogwirizana womwe aliyense akuudziwa, mfumu yovomera, ndi mwana wa pamudzi wodziwa njira ndi mitambo. Chovuta n'chakuti midzi ingapo imvane, ndi kuti ndalama ifike m'manja mwa amene wasesa.

Wa ku Likhubula akupita kwawo mu Disembala. Wati akayamba kuonana ndi mafumu a midzi ya m'tsinde mwa phiri, mmodzimmodzi, ndipo mzere wa pafoni adzajambula akamva zomwe anena. Mlamu wanga walonjeza kuti akafufuza za ku Ntcheu, ngakhale akukayika ngati alipo munthu wa nzeru zake amene angalipire kuti ayende njira ya kuchigayo. Zithunzi tinakamuonetsa m'bale wathu wa ku Mangochi pa mashini ake ku Mayfair. Anaziona zonse, zina kubwereza, n'kufunsa ngati ulendo wa ku Mulanjewo angapite nawo. Angathe, popeza kwawo safunsidwa chidindo, koma ndiye kuti Joni watsanzikana naye kwa zaka zisanu, pamodzi ndi mashini, makasitomala ndi ndalama yomwe amatumiza mwezi ndi mwezi. Wati aganizabe.